A Penshoni ndi Limu ya Pasukulu

Pasukulu pathu panalibe belu lenileni. Panali limu ya tayala la lole, yadzimbiri, yomangirira ndi waya panthambi ya mango. Aphunzitsi ankaimenya ndi bawuti lalitali, ngwee, mpaka kunyanja kumveka. Tonse tinakula nayo limu imeneyo, ngakhale mbuzi ndi nkhuku sizinkatembenuka n'komwe. Ndiye tsiku loyamba limene inalira a Penshoni ali pakhomo pathu, amene ndinaona ndine. Anali akudya madeya m'beseni, mutu uli pansi. Itangoti ngwee, mutu uja unadzuka, makutu onse awiri njo kuloza kutsogolo, khungu la paphewa likunjenjemera ngati patera ntchentche, pomwe ntchentche panalibe. Anapalasa pansi ndi chiboda, beseni n'kugubuduka. Kenako anapuma mwamphamvu, n'kuyambanso kutola madeya m'dothi ngati palibe chachitika. Ine ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, ndipo ndinaseka. Lero nditaona zotero ana anga ali pafupi, ndikhoza kuwanyamula onse awiri, wina kumsana wina m'khwapa, osacheuka.

A Penshoni anali hatchi. Ndiyambe pamenepo, poti anthu ambiri ndikawauza amati ndikunama, hatchi ku Salima kuno ikadzatani.

Amalume anga anakhala zaka zambiri ku Joni, ntchito yawo inali yosamala mahatchi a mpikisano wothamanga. Atabwerera kumudzi msana ukuwavuta, ankangokhalira kukamba za mahatchi, anthu mpaka kutopa nawo. Ndiye kunapezeka bungwe lina limene linkatenga mahatchi amene akalamba pa mpikisano m'maiko oyandikana nafe. Amalume ankati hatchi yotere ikasiya kupambana, eni ake ambiri saifunanso, ina imangophedwa. Bungwe lija linkaziwombola, kuzichiza, n'kuzifunira khomo loti zikakalambirepo. Anamva za amalume, anamvanso za mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo anadwala malungo aakulu ali wamng'ono. Anachira, koma miyendo inatsala yofooka. Amayi anamubereka kumsana mpaka atalemera, kenako malo ake anakhala pamkeka, pakhonde. M'mawa uliwonse ankandiyang'ana ndikupita kusukulu, akungosenda ulusi wa mkeka ndi chala. A kuchipatala ndi amene ananena kuti mwana wotere kukwera hatchi yofatsa kumamulimbitsa msana ndi ntchafu. Amalume anangolumphira mawu amenewo.

Abambo nthawi imeneyo anali kuchilumba cha Mbenji, poti nyengo ya usodzi inali itatsegulidwa, ndipo kumeneko akazi sapondako, ngakhale kukafunsa nzeru kwa mwamuna wako. Ndiye zonse za pakhomo zinali pamutu pa amayi.

A kubungwe aja anabwera nayo hatchiyo pa lole, mwera utangoyamba. Inu, anthu! Ena anachokera ku Khombedza pa njinga kudzangoona. Itatsika cham'mbuyo pathabwa, yofiirira ngati dothi la chulu, miyendo yaitali yoonda, ana tonse tinabalalika. Mayi wina anafunsa ngati imakamidwa. Wina anati ndi bulu amene anakulira kolemera. Mkulu wina wokonza maukonde anafunsa kuti nanga igwira ntchito yanji, ikoka ngolo kapena. Amalume anati ayi, ntchito inagwira kale, pano yabwera kudzapuma. Mkulu uja anavula chipewa n'kuwerama, amvekere: “Pepani, sitinadziwe kuti ndi a penshoni.” Dzina lake lachizungu palibe amene analigwira. Kuyambira tsiku limenelo anali a Penshoni, ndipo tinkawapatsa ulemu ngati munthu wamkulu.

Mayi wa kubungwe, amene anabwera atavala majombo, limodzi ndi dokotala wa ziweto, ananena mawu pamaso pa tonse. Anati adzabweranso mwera ukadzatha. Aliyense wa pakhomo pano akadzavomera, a Penshoni adzakhala mpaka imfa yawo. Koma munthu mmodzi yekha akadzati ayi, lole idzabwera kudzawatenga, popanda mlandu. Ponena zimenezo ankayang'ana amayi. Amayi anali ataima kuseri kwa nkhokwe, manja atapinda pachifuwa, ndipo sanasendere ngakhale phazi limodzi.

Nyengo imeneyo sindidzaiiwala. Amalume anamanga khola lalitali, n'kusokerera maneti a udzudzu angapo kuti likutidwe lonse, poti amati tizilombo touluka ta kunyanja timapha hatchi. Anthu ankaseka kuti eni ake maneti akugwirira usipa, koma a Penshoni akugona mu neti ngati mayi woyembekezera. Udzu wa mpunga amalume ankakautenga ku Chinguluwe pa njinga, mtolo waukulu mpaka iwo osaoneka, kungooneka udzu ukuyenda wokha mumsewu. Ine ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kupesa. Fungo lawo ndimalimvabe, fungo lofunda, la thukuta ndi udzu wouma. Ukaika mbatata pachikhatho, milomo yawo inkabwera yofewa ngati nsalu yakale, n'kutola osakukhudza ndi dzino. Tikapita nawo kunyanja kukasamba ankamenya madzi ndi mwendo wakutsogolo mpaka tonse kunyowa, kenako n'kukagubuduka pamchenga, miyendo m'mwamba, ulemu wonse wa penshoni kutha.

Tsiku limene amalume anakweza mng'ono wanga koyamba, mwanayo anagwira ubweya wa pakhosi ndi manja onse, maso atatseka. A Penshoni anayenda pang'onopang'ono ngati akudziwa kuti asenza mazira. Atazungulira bwalo kamodzi, mwana uja anatsegula maso, n'kuyang'ana pansi, n'kutiona tonse tili m'munsi mwake. Kuyambira pamenepo pakamwa pake sipanatsekekenso. Munthu amene ankaona maondo a anthu okha, tsopano ankaona pamwamba pa mipanda yonse. Tikamadutsa m'mudzi ankalengeza kuti uku akazinga mazira koma ana awapatsa nkhwani, uku abambo agona masana, uku mbuzi yalowa m'khitchini. Anthu ankamukalipira akuseka. Amalume ankandikweza kumbuyo kwake kuti ndizimuchirikiza, ine n'kumamva msana wake ukuwongoka sabata ndi sabata, mpaka anayamba kundigunda ndi chigongono kuti ndisamugwire.

M'mawa wina ndinamupeza ataima. Ataima ndithu, dzanja limodzi atagwira mtengo wa khola, linalo akupesa a Penshoni paphewa. Amayi ankadutsa ndi ndowa pamutu. Anaima, madzi n'kutayikira pang'ono paphewa pawo, kenako anapitirira ngati sanaone.

Poti amayi sankawafuna a Penshoni. Malamulo anali ambiri: osadutsa kumbuyo kwawo, osalowa m'khola amalume palibe, osawapsompsona pamphuno ngati mmene ankachitira mng'ono wanga. Ankati chinthu chachikulu chonchi chilibe chibale. Amalume ankawaseka kuti achemwali, mantha anuwo hatchi imawanunkhiza. Amayi ankayankha kuti iwanunkhize, idziwe kuti pali wina akuiona. Nthawi imeneyo ndinkati amayi ndi ovuta. Pano ndikulemba izi ndadzuka kale kangapo kukasuzumira ngati chitseko cha mpanda chili chotseka.

Za makutu zija ndinawauza amalume. Nkhope yawo inasintha pang'ono. Anati kumpikisano mahatchi amawatsekera m'timakola tachitsulo, ndiye belu likalira zitseko zimatseguka nthawi imodzi, onse n'kuuyatsa. Hatchi ikhoza kukalamba, koma belu siliiwala. Ndiye anaika lamulo lakuti nthawi ya limu ya kusukulu, a Penshoni azikhala m'khola. Anandiuzanso china, kuti hatchi ya mpikisano si ng'ombe ya pangolo. Ng'ombe ukakoka chingwe imaima. Iyi ukakoka zingwe mwamphamvu imamva ngati wati tiye, imatsamira pachitsulo cha m'kamwa n'kuwonjezera liwiro. Ndinavomera ndi mutu, maganizo ali pa nzimbe imene ndinkadya.

Linali Loweruka m'mawa, tsiku lopanda sukulu, ndiye lopanda limu. Amalume ankatitsogolera m'mbali mwa madzi, pamchenga wonyowa wolimba, mng'ono wanga kutsogolo, ine kumbuyo. Amayi anali chapamtunda, akuyanika usipa pathandala ndi azimayi anzawo. Tinapeza amuna akukoka khoka, ndipo linali lolemera tsiku limenelo. Kwathu mwamuna sadutsa anzake akukoka khoka manja ali m'thumba, umagwirako pang'ono, iwonso amakuponyera tinsomba ta ndiwo. Amuna aja anawaitana amalume, iwo anayang'ana a Penshoni ali phee, akuwodzera ndi kadzuwa, n'kuponya chingwe chotsogolera pakhosi pawo. Anandipatsa zingwe kuti ndingogwirizira, sachedwa.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti aphunzitsi anali atabweretsa ana othamanga kumchenga komweko, kukonzekera mpikisano wa masukulu. Wezulo yawo inali itasowa, ndiye anamasula limu ija pamtengo n'kuikweza pa njinga. Anali kuseri kwa mabango, chakumbuyo kwathu. Ife sitinkawaona, iwonso sankationa.

Ngwee!

Ndinamva thupi lonse la a Penshoni likuuma pansi panga ngati thabwa. Kenako ana aja anatulukira m'mbali mwathu akuthamanga, akukuwa, mchenga ukuuluka. Basi. Sindikudziwa kuti tinanyamuka bwanji, ndinangoona madzi ndi mchenga zikusakanikirana, mphepo ikundilowa m'kamwa, ziboda zikugunda ngati akazi ambiri akusinja mtondo umodzi. Ana othamanga aja tinawadutsa ngati aima. Kumtunda azimayi anayamba kukuwa, ndipo mawu a amayi ndinawazindikira pakati pa onse: “Koka chingwe! Koka!” Amuna a khoka nawonso koka, koka, poti aliyense kwathu amadziwa ng'ombe ndi abulu. Ndinakoka. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse mpaka kugona chagada, ndipo a Penshoni anatambasula khosi n'kuwonjezera.

Kutsogolo kunali pokocheza mabwato. Mabwato ali ndandanda pamchenga, zingwe zawo zitamangidwa pazikhomo, zopingasa njira yonse m'maondo. Ndinkaziona zikubwera.

Ndisaname kuti ndinakumbukira mawu a amalume. Sindinakumbukire chilichonse. Chimene chinachitika n'chakuti mng'ono wanga anayamba kupendekera kumanzere, mwendo wake wofooka uja utalephera kugwira, ndipo ine manja ndinali nawo awiri okha. Ndinataya zingwe n'kumukumbatira m'chiuno, nkhope yanga ndinaiika pamsana pake, n'kutseka maso.

Ndiye kugunda kuja kunayamba kusintha. Kunachoka pa mtondo wa anthu ambiri, kunabwera pa wa anthu awiri, kenako wa munthu mmodzi wotopa. Nditatsegula maso, a Penshoni anali akuyenda, nthiti zikukwera ndi kutsika, thovu lili m'khosi. Anakaima pafupi ndi bwato loyamba, n'kununkhiza chingwe chake ngati ndicho anadzera.

Amayi ndi amene anayamba kufika, kupitirira amuna onse, mpango utagwa, mamba a usipa ali mbuu m'mikono. Sanatimenye. Anatsitsa mng'ono wanga n'kuyamba kumupapasa paliponse, mutu, mikono, nthiti, miyendo, kubwerezanso. Mwana uja anali akunjenjemera, ine n'kumati akulira. Koma ankaseka. Anawagwira amayi kumaso ndi manja awiri, amvekere: “Amayi, mwaona? Ndawapitirira onse. Ngakhale a Sitandade 8.”

Amayi anangokhala pansi pamchenga pomwepo.

Masana ake amalume anabwera pakhonde mutu uli pansi. Anati cholakwa ndi chawo, ndipo aimbira okha foni a kubungwe kuti lole ibwere, asadikire kutha kwa mwera. Mng'ono wanga atamva anakwawira m'nyumba, n'kukana kudya. Ine ndinkadziwa kuti zatha, poti munthu mmodzi wonena ayi uja anali atapeza chifukwa chake, mudzi wonse ukuona. Amayi anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mkeka uja pakhonde, pamene panali podyeka ndi kukhalapo kwa mwana. Kenako anati: “Achimwene, foniyo dikirani kaye.”

Lolemba sukulu itaweruka anapita kwa aphunzitsi. Aphunzitsi anayamba kupepesa, koma amayi anati sanadzere zimenezo, adzera kubwereka limu, azidzaibweza m'mawa uliwonse isanafike nthawi yake. Anaisenza pamutu ndi nkhata kudutsa m'mudzi monse, anthu akuwafunsa ngati atsegula sukulu yawo.

Amalume anawauza kuti hatchi siiwala. Amayi anati sakufuna kuti iiwale. Anati nkhuku za pakhomo pano zikamva musi zimabwera zokha, osati chifukwa zimakonda musi, koma chifukwa musi umabwera ndi gaga. Ndiye a Penshoni nawonso aphunzire kuti limu imabwera ndi mbatata. Amalume anakanda m'mutu, anati tiyese, koma chingwe agwire iwo. Amayi anakana. Anati amene aziyenda ndi ana amenewa tsiku ndi tsiku ndi iwo, osati amalume ndi msana wawowo.

Woimba limu ndinali ine. Tinayambira kutali, kuseri kwa nyumba ya aneba, ndipo sindinkamenya ndi bawuti koma ndi supuni, pang'ono chabe, nge. Amayi ali pabwalo, kwa nthawi yoyamba pafupi ndi a Penshoni, dzanja lina chingwe, lina mbatata. Amalume ali pambali akungonena kuti musakoke achemwali, chilekereni chilende. Tsiku loyamba a Penshoni anadumpha n'kuwakokera amayi mpaka pankhokwe, chingwe chinawasupula chikhatho. Anamanga kansalu, mawa lake anaimanso pomwepo. Mng'ono wanga analetsedwa kukwera mpaka ntchito imeneyi itatha, ndiye ankakhala pakhonde atatupa masaya, akulamula kuti amayi mbatatayo mukuipereka mochedwa, perekani isanathe kulira.

Pang'onopang'ono ndinkasendera. Kuchoka kwa aneba kufika pampanda, kuchoka pampanda kufika pamtondo. Supuni inasanduka mpeni, mpeni unasanduka bawuti. Kenako amayi anaitana ana a m'mudzi kuti limu ikalira azithamanga kudutsa pabwalo akukuwa, ndipo ana anabwera ambiri kuposa amene anaitanidwa, poti panalibe masewera okoma kuposa amenewo. Mbatata za m'munda mwathu zinatha, tinayamba za amalume. Abambo atabwera kuchokera ku Mbenji kudzationa anapeza akazi awo, amene ankathawa ngakhale galu wa aneba, akukalipira hatchi kuti iime bwino, ndipo anaima pachipata nthawi yaitali ndi thumba lawo la nsomba, akuganiza kuti asochera khomo.

Mwera unatha, kunayamba kutentha. Mayi wa majombo uja anabwera ndi dokotala wake. Amalume anawafotokozera zonse, za khoka, za limu, za mabwato, osabisa. Mayi uja nkhope inagwa. Ndiye amayi anandikodola. Ndinaima pafupi penipeni, ndinakweza bawuti ndi manja awiri, n'kumenya mpaka m'mano mwanga kumva. Ngwee! A Penshoni anadzutsa mutu, makutu njo. Kenako anatembenuka, n'kulowetsa mphuno yonse m'chitenje cha amayi, kufwenkha mbatata, mpaka amayi kudzandira. Dokotala uja anaseka mpaka kugwira galimoto.

Mayi wa kubungwe anafunsa aliyense payekha, amalume, abambo, ife ana. Pomaliza anafika pa amayi.

“Atsale,” anatero amayi.

“Ndiye kuti mantha aja anatha, mayi?”

“Ndati atsale.”

Teremu yotsatira mng'ono wanga anayamba Sitandade 1, pamsana pa a Penshoni, buku lili m'jumbo. A Penshoni anakhala nafe zaka zingapo, anafa ndi ukalamba pakhola pawo pomwepo. Mng'ono wangayo pano amayenda ndi ndodo imodzi, ali ndi makina ake osokera ku Khombedza, ndipo pakamwa sipanatsekekebe. Koma chimene ndimaona ndikatseka maso ndi ulendo wa kusukulu uja. Amayi mbali iyi, mbatata itamangidwa pakona ya chitenje, ine mbali inayo. Chingwe chili lende pakati pa dzanja lawo ndi chibwano cha a Penshoni, ndipo chingwe chija chinkagwedera, m'mawa uliwonse, njira yonse. Ine ndinkati amayi akumva kuzizira. Mwezi wa Okutobala, ku Salima. Ndinkauzanso anzanga monyada kuti amayi anga tsopano amawakonda a Penshoni kuposa tonse.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mwana wanga wamwamuna, wa zaka zinayi. Tikukhala pafupi ndi msewu waukulu, ndipo sabata yatha anamva hutala ya minibasi n'kuuyamba liwiro kulunjika kumsewu, akuti akaone. Ndinamugwira malaya phazi lake litaponda kale tala, lole ikudutsa, mphepo yake kutiwomba kumaso. Ndinawatsekera kumpanda iye ndi mlongo wake wamkulu, osatuluka, ngakhale kukagula mchere. Ndinamanga chitseko ndi waya. Dzana ndinamupeza ali pamwamba pa mpanda, mwendo umodzi uli kale kunja.

Ndiye dzulo m'mawa ndinamasula waya uja. Ndinawasambitsa, n'kupita nawo kumsewu komweko, nthawi imene magalimoto ndi njinga zamoto zimachuluka. Tinaima m'mbali. Ndinati tikamva hutala timaima, timayang'ana uku, timayang'ana uku, ndipo amene aime bwino adya chitumbuwa kutsidyako. Tinaima nthawi yaitali, minibasi zikudutsa, hutala ikalira ine mtima kuphulika. Sindinawafinye manja. Ndinangowapatsa chala aliyense kuti agwire yekha.

Wamkaziyo anandiyang'ana m'mwamba, amvekere: “Amayi, dzanja lanu likunjenjemera. Mukumva kuzizira?”

Ndinati eya, mwanawe, kwazizira lero. Yang'ana uku. Yang'ananso uku.

Ndipo tinawoloka.